Klatchi yampikisano m'galimoto yopitira kuntchito: nkhani ya Subaru WRX ina ku Blantyre

Ndikulembera amakaniko anzanga, chifukwa magalimoto owonjezeredwa mphamvu ayamba kuchuluka m'magalaja mwathu, ndipo funso loti tiikemo klatchi yanji likumabwera pafupipafupi. Iyi ndi nkhani ya galimoto imodzi imene inadutsa m'manja mwathu, kuyambira pomwe klatchi inayamba kuterereka mpaka pomwe vuto linathera.

Galimoto ndi mwini wake

Inali Subaru Impreza WRX ya mtundu wa GDA yochokera ku Japan: injini ya EJ205 ya malita 2.0 yokhala ndi turbo, magiya 5 apamanja, yokoka ndi matayala onse anayi. WRX ya ku Japan ya mtunduwu imachoka ku fakitale ndi mahatchi 250 (PS) komanso torque (mphamvu yopotokola ya injini) ya 333 Nm. Iyi inali itayenda makilomita pafupifupi 140,000, ndipo panalibe chosonyeza kuti klatchi inasinthidwapo chibwerere kuno.

Mwini wake ndi bambo wazaka za m'ma 30, amakhala ku Chilomoni ndipo amagwira ntchito ku Limbe. Wodziwa Blantyre waudziwa kale ulendo umenewu: kutuluka ku Chilomoni, kudutsa m'tauni, kukalowa mu Masauko Chipembere Highway, n'kumakwawa mumdipiti kuyambira pa Ginnery Corner mpaka ku Chichiri, m'mawa ndi madzulo omwe. Akazi awo ankaiyendetsanso masiku ena pokatenga ana kusukulu. Pa zonse zimene tinalemba pa khadi ya galimotoyi, mfundo ziwiri izi, mdipiti ndi dalaivala wachiwiri, ndi zimene zinadzakhala zofunika kuposa nambala iliyonse ya injini.

Bamboyu anali atasintha ekizozi kuyambira pa turbo, n'kuchunitsa kompyuta ya injini kwa katswiri wina wa ku Johannesburg amene anatumiza map yake (pulogalamu yoyendetsera injini) pa intaneti. Boost, mphamvu ya mpweya umene turbo imakankhira mu injini, inakwera kuchoka cha m'ma 0.9 bar kufika pafupifupi 1.2 bar, ndipo wochunayo anaika torque yatsopano pa 390 Nm kapena kuyandikira pamenepo.

Chizindikiro choyamba

Patangotha masabata ochepa chichunireni, bamboyu anaona kuti akaponda moto ali mu giya 4 kapena 5, marevu akumathamanga okha koma liwiro osawonjezereka. Tinapita nayo mumsewu wa ku Lunzu, n'kuika giya 5 pa marevu 2,500, n'kuponda mpaka pansi. Turbo itangodzaza cha m'ma 3,000, singano ya marevu inalumpha, galimoto ili pa liwiro lomwelo, kenako fungo la klatchi yopsa linalowa mkati. M'magiya 1 ndi 2 simunkaoneka kanthu, ndipo n'zimene timayembekezera: klatchi yotopa imayamba kugonja m'magiya apamwamba, pamene injini ikukoka ndi mphamvu zake zonse koma galimoto siyingafulumire msanga.

Tisanaweruze klatchi tinaona kaye zapanja. Pedulo inali ndi mpata wake wokwanira, master ndi slave cylinder zinali zouma, ndipo foloko inkabwerera bwinobwino. Pansi pa bellhousing, chigoba chimene klatchi imakhalamo, panali chinyezi cha oyilo. Titanunkhiza tinapeza kuti ndi wa injini, popeza wa giyabokosi ali ndi fungo lake la sulufule losasowa.

Malangizo athu anali akuti tichotse giyabokosi, titseke potayira oyilo, ndipo tiike klatchi ya organic (mtundu wa m'magalimoto wamba) yankhope yonse yokhala ndi masipuling'i pakati, pamodzi ndi pulesha puleti yolimbirapo kuposa ya fakitale. Bamboyu anamvetsera, koma anati akaganize kaye. Anzake a pa gulu la WhatsApp la eni magalimoto othamanga anali atamuuza kale kuti galimoto yochunidwa imafuna klatchi yamphamvu yotchedwa "Stage 3".

"Achimwene," anatero, "ine sindikufuna kutsegulitsa galimotoyi kawiri. Bola ndigule yamphamvu kwambiri kamodzi n'kamodzi."

Maganizo amenewa si opusa ayi. Ntchito yochotsa giyabokosi ya Subaru ndi yodula, zipangizo zimachokera kunja, ndipo ndi vuto la forex lilipoli palibe amene angafune kulipira kawiri. Cholakwika chili poyesa kuti klatchi yogwira torque yochuluka ndiyo imakhalitsanso pa ntchito iliyonse. Bamboyu anaitanitsa kuchokera ku South Africa klatchi ya ceramic ya mapaki 6 (tizigawo 6 togwira m'malo mwa nkhope yonse), yopanda masipuling'i pakati, ndi pulesha puleti yolimba zedi komanso flywheel (chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa injini chimene klatchi imagwirapo) yopepuka, n'kukamangitsa pa galaja ina.

Kubweranso kwake

Anabwera patatha miyezi ingapo. Kuterereka kunatheratu, zimenezo n'zoona. Koma m'malo mwake munabwera mavuto ena ambiri. Ponyamuka mu giya 1 galimoto inkanjenjemera mpaka dashibodi kulira. Pa chitunda inkangozima, pokhapokha aikweze marevu kupitirira 2,000 n'kumaisiya klatchi pang'onopang'ono. Ikaima pa nyutirolo munkamveka phokoso la kokocha m'giyabokosi, lomwe linkaleka akaponda klatchi. Mwendo wamanzere unkawawa akafika ku Limbe. Akazi awo anali atasiyiratu kuiyendetsa itawazimira pa mphambano ina yotsetsereka, ana ali kumbuyo, minibasi ikuwaimbira hutala. Posintha giya, makamaka kuchoka 1 kupita 2, pansi pa boneti pankamveka kugunda.

Kugundako tinakupeza msanga. Raba wa pitch stop, kachitsulo kaja kogwira injini ndi giyabokosi pamwamba kuti zisamagwedezeke kutsogolo ndi kumbuyo, anali atang'ambika. Titakhetsa oyilo wa giyabokosi, maginito wa pa pulagi anali atavala ufa wachitsulo wochuluka kuposa umene timauyembekezera, ndipo titaupaka pa nsalu yoyera munaoneka tizidutswa tiwiri titatu tonyezimira tonga mamba a usipa. Chidutswa cha dzino la giya munalibe. Nsaluyo tinamuonetsa mwini galimoto, ndipo apa m'pamene anavomera kuti titsegule.

Kwa amene simunagwirepo WRX ya zaka zimenezi: klatchi yake ndi yokoka, osati yokankha. Release bearing imakodwa mu diaphragm, sipuling'i yozungulira ya pulesha puleti, choncho giyabokosi siyingachoke musanamasule foloko. Mumachotsa sitata, kumasula pulagi ya allen key ya 10 mm, kulowetsa bawuti ya M6 mu shafuti ya foloko n'kuisolola. Mukaiwala zimenezi mudzalimbana ndi giyabokosi tsiku lonse n'kuwononga zinthu.

Zimene tinapeza mkati

Flywheel yopepuka ija inali ndi mawanga abuluu otentha kuzungulira nkhope yonse, ndi mizere yoti chikhadabo chimakodwamo. Pulesha puleti inali chimodzimodzi. Mapaki a ceramic anali asanathe kwenikweni, koma anali atadya zitsulo za mbali zonse ziwiri. Kumbuyo kwa flywheel, rear main seal, yotseka oyilo kumbuyo kwa crankshaft, inali youma. Oyilo ankachucha pa oil separator cover, kachivundikiro kaja ka kumbuyo kwa buloko ya injini za EJ komwe anthu ambiri amakaiwala n'kumanamizira seal. Ntchito ya pa galaja ina ija sinakakhudze konse.

Tinapima kusewera kwa crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo ndi dial gauge, chifukwa pulesha puleti yolimba imaika katundu pa thrust bearing ya injini nthawi iliyonse munthu akaponda pedulo, ndipo mumdipiti amaponda kosawerengeka. Tinapeza 0.09 mm. Buku la injiniyi limalola 0.030 mpaka 0.115 mm, malire ake ndi 0.25 mm, ndiye injini inapulumuka.

Chimene chinasintha nkhani yonse chinali mu buti. Bamboyu anali atasunga zipangizo zakale m'katoni: flywheel ya fakitale, pulesha puleti ndi klatchi puleti yoyamba ija. Titapima kuzama kwa ma rivet (timisomali togwira nkhope) pa puleti yakaleyo tinapeza 0.4 mm, pomwe malire ake ndi 0.3 mm. Nkhope yake inali yonyezimira, mbali ina yodetsedwa ndi oyilo. Kunena mwachidule, klatchi yoyamba inali itatha kale. Kuchuna injini kunangofulumizitsa chimene chikanachitikabe miyezi ingapo kutsogolo. Kuterereka kwa puleti yotha ndi yonyowa oyilo sikunali umboni woti galimotoyi ikufunika klatchi yampikisano, koma ndi mmene mwini wake ndi anzake anakumvera.

Chifukwa chake klatchi ya mapaki inavuta

Apa ndichedwepo pang'ono, poti ndi pamene ambiri amasocherera. Klatchi siyiwerenga mahatchi a injini, imagwira torque. Kuchuluka kwa torque imene ingagwire kumadalira zinthu zinayi: mphamvu imene pulesha puleti imafinya nayo, kugwira kwa zinthu zimene nkhope ya puleti inapangidwa nazo, kukula kwa puletiyo, ndi chiwerengero cha nkhope zokhuzana. Pa WRX iyi kukula n'kokhazikika, 230 mm ndi ma spline 24, ndipo nkhope ndi ziwiri pokhapokha mutagula ya mapuleti awiri. Ndiye zotsala zoti munthu asinthe ndi kufinya ndi mtundu wa nkhope.

Ceramic imagwira kwambiri ndipo imapirira kutentha, koma siyidziwa kugwira pang'onopang'ono. Ili ngati switchi ya magetsi: yazima kapena yayaka. Puleti ya organic ya galimoto wamba ili ndi zinthu ziwiri zofewetsa zimene ya mapaki yopanda masipuling'i ilibe. Choyamba ndi kachitsulo kopindikapindika kokhala pakati pa nkhope ziwiri, kamene kamafinyika pang'onopang'ono munthu akamasiya pedulo, n'kumupatsa mpata woti anyamuke mofatsa. Chachiwiri ndi masipuling'i a pakati, amene amameza kugunda kwa mapisitoni kusanafike ku magiya. Mukachotsa ziwirizi, n'kuchotsanso kulemera kwa flywheel komwe kumasalaza kuzungulira kwa injini pa marevu otsika, kugunda konse kumapita kwa giyabokosi. Phokoso lija la pa nyutirolo linali mano a magiya akumenyana.

Pa mpikisano zimenezi zilibe kanthu, chifukwa dalaivala amanyamuka kamodzi ndi marevu okwera, kenako n'kumangosintha magiya mwachangu. Koma pakati pa Ginnery Corner ndi Chichiri nthawi ya 5 koloko madzulo, klatchi imakhala nthawi yaitali ili theka. Ceramic ikamaterereketsedwa chonchi imatenthetsa flywheel n'kuidya. Ndi chifukwa chake klatchi yogulidwa kuti ikhalitse inawononga flywheel yatsopano m'miyezi yowerengeka.

Palinso nkhani ya matayala anayi. Galimoto yokoka kutsogolo kapena kumbuyo kokha ikanyamuka mwankhanza, matayala amazungulira pamalo amodzi, mphamvu n'kutayikira pamenepo. WRX imamata pa phula ndi matayala onse. Ngati matayala saterereka, klatchi nayo siyiterereka, chotsala choti chigonje ndi magiya, ma CV joint kapena ma mounting. Giyabokosi ya magiya 5 imeneyi inapangidwira mphamvu ya fakitale, ndipo aliyense wochuna ma Subaru amadziwa kuti siyikonda kumenyedwa mwadzidzidzi. Ine ndimakonda klatchi yoti ikhoza kugonja pang'ono giya lisanathyoke, chifukwa puleti ndi yotsika mtengo kuyerekeza ndi giyabokosi, komanso giyabokosi yabwino ya WRX kuno siyipezeka wamba.

Mmene tinasankhira yatsopano

Ndinakhala pansi ndi mwini galimoto, pepala ndi cholembera. Tinayamba ndi 390 Nm ya wochuna uja, n'kuwonjezera 20 peresenti yoti klatchi ikhale ndi mpata ikamakalamba kapena ikatentha. Tinapeza pafupifupi 470 Nm. Nambala imeneyi ndi imene tinapita nayo m'makatalogi, osati mawu oti Stage. Mawuwa alibe muyezo umodzi: Stage 2 ya kampani ina ikhoza kukhala ya organic, ya kampani ina n'kukhala ya mapaki. Funsani zinthu zitatu basi: torque imene anailemba, chimene nkhope inapangidwa nacho, ndi ngati pakati pali masipuling'i.

Chenjeraninso ndi miyezo. Makampani a ku America amalemba mu lb-ft, ndipo 1 lb-ft ndi 1.356 Nm, kotero 470 Nm ndi pafupifupi 347 lb-ft. Ena amalemba torque ya pa crankshaft, ena ya pa matayala, ndipo kusiyana kwa ziwirizi pa galimoto ya matayala anayi si kochepa. Klatchi imamva ya pa crankshaft.

Panali njira zitatu. Yoyamba inali kubwezera klatchi yofanana ndi ya fakitale, monga za Exedy, kampani ya ku Japan imene imapangira Subaru ndi ena makalatchi. Yatsopano ikanagwira 390 Nm poyamba, koma mpata wake ukanakhala wochepa, ndipo bamboyu amaponda galimoto yake akatuluka m'tauni. Yachiwiri inali ya mapaki yokhala ndi masipuling'i pakati. Imeneyi imachepetsa phokoso ndi kugunda kwa magiya, koma kunjenjemera ponyamuka sikutheratu, ndipo mayi aja akanavutikabe. Yachitatu ndi imene tinatenga: puleti ya organic yankhope yonse, yamasipuling'i, ndi pulesha puleti yofinya kwambiriko kuposa ya fakitale, yolembedwa kuti imagwira pafupifupi 490 Nm pa crankshaft.

Bamboyu anafunsa funso labwino: "Nanga ndikadzaika turbo yaikulu chaka chamawa?"

"Bwana," ndinamuyankha, "tigulire galimoto imene ili panjayi. Ya chaka chamawayo tidzaiona ikadzabwera. Mukagulira mphamvu imene mulibe, muzivutika nayo tsiku lililonse popita kuntchito."

Pa flywheel tinasankha kubwezera ya fakitale, yolemera kupitirira makilogalamu 10. Inali ndi mawanga ochepa koma yopanda ming'alu, ndiye tinakaisalazitsa ku engineering. Kulemera kwake ndi kumene kumathandiza kuti galimoto isazime pa chitunda. Yopepuka ija sitinaione kuti ingapindule kanthu kwa munthu wokhala ku Chilomoni.

Kamangidwe

Tinatseka oil separator cover ndi silikoni woyenera injini, ndipo poti tinali titafika kale pamenepo tinasinthiratu rear main seal ndi pilot bearing. Mabawuti a flywheel tinamanga pa 72 Nm, a pulesha puleti pa 16 Nm, mopingasa komanso pang'onopang'ono kuti diaphragm isapindike. Nkhope za flywheel ndi pulesha puleti tinazipukuta ndi brake cleaner kuchotsa mafuta oteteza dzimbiri amene zimabwera nawo. Pa ma spline tinapaka girizi wochepa kwambiri, n'kulowetsa puleti kangapo, kenako kupukuta wotsala. Girizi wochuluka amamwazikira pa nkhope, kunjenjemera n'kuyambiranso. Release bearing yatsopano ndi foloko tinaziika ku giyabokosi, ndipo titalumikiza tinakankha foloko mpaka kumva bearing ikudina mu diaphragm, kenako kuikoka kutsimikiza kuti yakodwa ndithu. Pitch stop tinaika yatsopano ya raba wamba, osati yolimba ya mpikisano. Madzi a klatchi tinasintha onse n'kuika DOT 4, giyabokosi tinathira 75W-90 GL-5.

Panali chisankho china chovuta: titsegule giyabokosi kapena ayi? Tizidutswa tija tinali chenjezo, koma magiya onse ankalowa, panalibe kulira poyenda, ndipo input shaft sinkasewera. Tinagwirizana ndi mwini wake kuti tisaitsegule, koma tidzakhetsenso oyilo pakatha makilomita 1,000 kuti tione ngati ikupitiriza kudyeka. Zikanapezekanso, tikanaitsitsa.

Tinamuuza kuti makilomita 800 oyambirira ayende m'tauni mofatsa, osaponda mpaka turbo kudzaza, osanyamuka mwankhanza. Makilomita a mumsewu wa ku Lilongwe sawerengedwa, chifukwa klatchi imakhazikika ndi kuponda n'kusiya, osati ndi mtunda. Apa mdipiti wa ku Limbe unamuthandiza. Popeza map yake inali ndi njira yotsitsira boost, tinamupempha aike yotsikayo nthawi yonseyi.

Zotsatira

Atakwanitsa makilomitawo tinabwerera mumsewu wa ku Lunzu, boost ili pa 1.2 bar. Mu giya 5 kuchokera pa marevu 2,500, singano ya marevu ndi ya liwiro zinakwera limodzi popanda kulumpha. Tinayesanso kunyamuka pa chitunda ndi marevu osafika 1,500, ndipo inanyamuka osanjenjemera. Phokoso la pa nyutirolo linatha. Pedulo ndi yolimbirapo kuposa ya fakitale, zimenezo tinamuuziratu, koma mayi aja ataiyesa pabwalo la galaja anati angathe, ndipo anayambiranso kukatenga ana.

Oyilo wa giyabokosi titamukhetsa kachiwiri munali ufa wochepa wamba, wopanda tizidutswa. Chinatsalira ndi chimodzi: giya 2 imakanda pang'ono m'mawa galimoto isanatenthe, chizindikiro choti synchro yake, kachipangizo kothandiza giya kulowa mosalala, inatopa. Sindinganene kuti yonse ndi ntchito ya klatchi ya mapaki, popeza giyabokosi ya makilomita 140,000 imakhala itatopa kale, koma mwini wake akuti kale sinkatero. Tikuiyang'anira nthawi iliyonse ya sevisi. Chaka chatha tsopano, klatchi ikugwira pa malo omwewo a pedulo ndipo bellhousing ndi youma.

Kwa anzanga a ntchitoyi, zimene ndingatsindike pa nkhaniyi ndi izi. Galimoto yochunidwa ikabwera ikuterereka, musavomere kuitanitsa klatchi yaikulu musanaone yakaleyo. Pimani ma rivet, yang'anani oyilo, ndipo muonetseni mwini wake ndi maso ake. Funsani kumene galimoto imayenda tsiku ndi tsiku komanso amene amaiyendetsa, chifukwa wogula klatchi nthawi zambiri si yekhayo woiponda. Ndipo kasitomala akabwera ndi katoni yake kale, muuzeni poyera zimene zidzachitike ndipo mulembe pa khadi, ngakhale mutadziwa kuti akhoza kupita kwina monga anachitira uyu. Anabwerera kwa ife chifukwa zimene tinamuuza poyamba ndi zimene anakakumana nazo.

Mwezi wathawu bamboyu anabweranso ndi nkhani ya turbo yaikulu ija. Tinamuuza kuti akadutsa malire a klatchi iyi adzakhala atadutsanso pamene ife tingaikhulupirire giyabokosi ya magiya 5, ndiye ndalama yoyamba ipite ku giyabokosi ya magiya 6 ya STI, mtundu wamphamvu kwambiri wa Impreza yomweyi. Imeneyo ku fakitale imabwera ndi flywheel yakeyake ndi klatchi ya 240 mm. Pakali pano akusonkhanitsa ndalama, ndipo galimoto ikuyenda ndi map yomweyo ya 390 Nm.